Kodi mbalame za ku Elephant Marsh tiziwerenga bwanji madzi akasefukira?

Akuluakulu odziwa za mbalame zam'madzi, tithandizeni nzeru. Kalembera wa mbalamezi amachitika mu Januwale ndi mu Julayi, koma dambo la Elephant Marsh, limene linalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 2017, silikhala chimodzimodzi pa miyezi iwiriyi.

Mu Julayi madzi amakhala akuphwera. Akakowa, atsekwe ndi avuwo amaunjikana pa matamanda otsala, ndipo kuwerenga n'kosavuta: bwato limodzi, owerenga awiri, wolemba mmodzi, kuyamba mbandakucha mpaka cha m'ma 9 dzuwa lisanapse. Vuto lili mu Januwale. Ruo akadzaza amatsekereza Shire pa Chiromo, madzi n'kubwerera m'dambo. Mbalame zimamwazikana m'mabango ndi m'minda yomira, namasupuni amatseka njira zina, bwato n'kulephera kudutsa m'mene linadutsa mu Julayi. Chiwerengero chimatsika, koma kutsikako sikutanthauza kuti mbalame zachoka, zambiri zimangobisika. Chonsecho ndi nthawi yomweyo imene timbalame toyenda m'matope tochokera ku Ulaya ndi ku Asia timakhala kuno.

Ndiye titsate njira yomweyo ya bwato ngakhale yatsekeka theka, kapena tisankhe malo okhazikika oimapo n'kumawerenga mphindi zofanana paliponse? Nanga msinkhu wa madzi tizilemba motani kuti ziwerengero za nyengo ziwirizi zifananizike? Mtengo woyezera madzi wozika m'matope suchedwa kukokoloka, mvuu nazonso siziusiya.

Komanso, gulu likauluka bwato lisanafike n'kukatera kutsogolo, mumapewa bwanji kuliwerenga kawiri?