Ndisinthanitse 70-200 yanga ndi lenzi ya wide kapena ndidekhe?

Jambulani25:

Akuluakulu muli bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Ndili ndi Canon 80D, malenzi atatu basi: ka 18-55 kobwera ndi kamera, 50mm f/1.8 STM, ndi 70-200 f/4L ija yoyera yokoka zinthu za patali, yopanda IS (chochepetsa kugwedezeka kwa chithunzi) yomwe ndinagula kwa munthu zaka zinayi zapitazo. Geni yanga nthawi yonseyi yakhala maukwati ndi zinkhoswe, koma chaka chino kuli mayi wina wosakira anthu nyumba za lendi wayamba kumandiitana kuti ndizimujambulira nyumba zoika pa Facebook, kenako anandilumikizitsa kwa mwini kaloji kena ku Senga Bay, nde mavuto ayambira pamenepo. 18mm pa 80D si wide (yotenga malo otambalala) olo pang'ono, mukachulukitsa ndi 1.6 ija ya makamera a crop (a sensa yaying'ono ngati 80D) ikufika cha mu 29mm. Loweruka ndinali m'bafa ya nyumba ina ku Area 47, msana ndauphatika kukhoma, chigongono chikugunda chitseko, kuyesa kuti sinki ndi shawa zilowe chithunzi chimodzi, zinakanika mpaka ndinakwera pa toilet kkkk, mayi aja anangoti "a Jambulani bwanji mungogwiritsa foni yangayi, ili ndi 0.5". Manyazi ake sindinagone.

Pano pali mnyamata wina ali ndi EF-S 10-18mm IS STM, akuti tisinthane, iye atenge 70-200 ine nditenge 10-18 ndipo andionjezera ka flash kakale. Ndalama yogulira wide osagulitsa kanthu ndilibe, fizi ya mwana ikudikira. Komanso kunena zoona 70-200 imandilemera, nthawi zambiri imangogona m'chikwama. Ndisinthe?

Mdala_wa_Ndirande:

Achimwene musayerekeze, mnyamatayo akufuna kukudyerani masuku pamutu. Inu mukupereka ng'ombe iye akukupatsani mbuzi ndi nkhuku pamwamba. 10-18 inatuluka 2014 pa mtengo wa madola 299, ndi lenzi yabwino ndithu sindikuinyoza, koma ndi pulasitiki mpaka pomangira ku kamera pomwe. 70-200 f/4L yakhalapo kuyambira 1999 ndipo anthu akuisakabe mpaka lero, galasi lake ndi lina, ndipo mukamakoka zoom siitalika, zonse zimayendera mkati nde fumbi la mu Okutobala silimalowa chisawawa ngati mu 18-55 yanuyo.

China chomwe simunachiganize ndi mawa. Tsiku lomwe mudzagule 6D kapena 5D (makamera a full frame, a sensa yayikulu), 10-18 siilowa, EF-S ndi ya makamera a crop okha. Pa ma Canon R imalowa ndi adapter inde koma pa a full frame kamera imadula chithunzi yokha, mumataya ma megapixel ambiri. 70-200 ndi EF, ipita nanu kulikonse.

Ndipo inu mukuti mumajambula maukwati eti? Ine ndajambula maukwati kuyambira nthawi ya filimu, tikudikira masiku kuti tione ngati zatuluka. M'matchalitchi ambiri abusa kapena ansembe salola kuti uziyendayenda kuguwa nthawi ya malumbiro, amakuuza kuti ima uko, osasuntha. Ukaima uko ndi 50mm utenga chani? Mphete ikulowa chala, dzanja la mkwati likunjenjemera, mayi a mkwatibwi akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje mzere wachitatu, zonsezo ndi za 200mm, pa 80D yanuyo imakhala ngati 320mm. Munthu sakudziwa kuti ukumujambula, nchifukwa chake nkhope imakhala yake yeniyeni.

Nabanda_Pix:

A Mdala ndikugwirizana nanu pa mtengo, koma ndikutsutsana nanu pang'ono pa zoti wide ndi mbuzi kkk. Ine ndinagulitsa 55-250 yanga nkugula 10-18 yomweyo ndipo sindinadandaulepo, chifukwa ntchito yanga ndi malo ogona alendo ndi nyumba, zokoka patali ndinalibe nazo ntchito. Kalenzi kake ndi kopepuka, magalamu 240 okha, pamene yoyera ya a Jambulaniyo imapitirira 700. Nde funso si loti lenzi yabwino ndi iti, funso ndi loti nsima yanu ikuchokera pati.

Achimwene ngati mumagwiritsa Lightroom (pulogalamu yokonzera zithunzi pa kompyuta) pitani ku Library, tsegulani Metadata musankhe Lens, ikuonetsani zithunzi zingati munajambula ndi lenzi iliyonse. Musaone zonse ayi, onani zokhazo zomwe munapereka kwa makasitomala. Mutu umanama, umakumbuka kulemera kwa chikwama nkuiwala chithunzi chomwe chinakubweretserani kasitomala wachiwiri.

Koma ndikuchenjezeni, wide si yophweka ngati momwe foni imaonetsera. Ine masabata oyamba ndinkangoika pa 10mm chilichonse, zipupa zimapendekeka ngati nyumba ikugwa, chifukwa ukangoweramitsa kamera pang'ono kapena kuidzutsa mizere yonse yoimirira imathawa. Kamera iziima mowongoka, kutalika kwa pachifuwa kapena kutsika pang'ono, pa tripod, f/8, ISO 100, shutter ichedwe mmene ingachedwere poti bedi silithawa. 80D yanu ili ndi level ya mkati, iyatseni. Pa mawindo jambulani katatu, chowala, chapakati, chakuda, mukaphatikize pa kompyuta, apo bii windo likhala loyera mbee ndipo nyanja yomwe mwini loji akugulitsayo siioneka.

Ndipo 10mm imanama heavy. Ndinajambulapo ka bedsitter kanaoneka ngati holo, munthu anabwera kudzaona nyumba anakwiya kuti mwandiwonongetsa transport. Pano ndimakhala pa 12 kapena 14, 10 ndimasungira mabafa okha.

Kamba_Boy:

Kkkkk nkhani yokwera pa toilet yandipha. Man mukanagwera mkati ndi 80D yomwe bwenzi tikukamba zina pano

Jambulani25:

Asisi a Nabanda ndachita zomwe munanena ndipo ndadabwa. Ndaona maukwati asanu omaliza, pa zithunzi khumi zilizonse zomwe ndinapereka, mwina zitatu ndi za 70-200, zambiri ndi 50mm ndi 18-55. Nde ndimati eya ndagwira mfundo, siigwira ntchito kwambiri. Koma nditayang'ana zomwe anthu anasankha kuti ndiwatsukire zazikulu zoika mu fulemu, pafupifupi zonse ndi za yoyerayo. Ngakhale chithunzi chili pa profile ya peji yanga, mkwatibwi akuseka pa perekani-perekani ndalama zikuuluka kumbuyo kuli blur, ndi 70-200 pa 135mm. Apa mutu wazunguliranso.

Gaba_Lens:

Ine ndiyankhula zosiyana ndi anzangawa, mundikhululukire a Mdala. 70-200 f/4 yopanda IS anthu timaikweza kwambiri chifukwa ndi yoyera ndipo ili ndi mzere wofiira, alendo pa ukwati akaiona amati uyu nde photographer. Koma mkati mwa tchalitchi cha mdima imavuta. Pa 200mm pa crop ukufunika shutter ya 1/320 kuti dzanja lisagwedeze chithunzi, pa f/4, magetsi atazima kapena kuli mitambo ya mu Januwale, ISO imakwera mpaka 3200 kapena 6400 ndipo 80D pamenepo imayamba mchenga. Ine ndinagulitsa yanga nkugula 85mm f/1.8 ndi wide, ndalama inakwanira zonse ziwiri ndi kuonjezera pang'ono. 85 pa crop ili ngati 136mm, malo omwewo omwe mwatchula a chithunzi cha pa profile, ndipo f/1.8 imalowetsa kuwala pafupifupi kasanu kuposa f/4. Chomwe ndinataya ndi kukoka patali kwenikweni, nde ndimadula pa kompyuta, ma megapixel 24 amalola ndithu.

Nde maganizo anga, kuchoka pa 70-200 si tchimo. Tchimo ndi kusinthana mutu ndi mutu ndi 10-18. Ngati mukuisiya, igulitseni pa mtengo wake mugule ziwiri. Flash yakaleyo asakunamizeni nayo, mwina ndi yomwe imatenga masekondi khumi kuti ichaje.

Mdala_wa_Ndirande:

A Gaba pa za mdima mwanena zoona, sindikana. Koma kudula chithunzi cha 85 kuti chifike pa 200 mumatsala ndi ma megapixel anayi ndi kakanthu, kawerengeni. Pa WhatsApp zikhala bho, koma mukapite mukatsukitse chachikulu choika pa sitting room muone. Ine ndimangoyenda ndi monopod (choimikira kamera cha mwendo umodzi) basi, vuto logwedezeka limachepa.

Ndiye pali ichi, a Jambulani, musaganize kuti wide ikuthandizani pa gulu la achibale kunja kwa tchalitchi. Mwana wa mchemwali wanga anajambula gulu pa 10mm ataima pafupi, azakhali omwe anali kumapeto anatuluka otambalala ngati awapopa, mutu wopendekeka, mkono ngati mtondo. Anakana kulipira chithunzicho ndipo mpaka lero sayankhulana bwino kkk. Gulu umabwerera m'mbuyo nkujambula pa 24 kapena 35, osati kutambasula.

Wa_ku_Joni:

Moni kumudzi. Ine ndili ku Johannesburg, kuno malenzi ogwiritsidwapo kale ndi ambiri nde ndaonapo zingapo. Choyamba wide si 10-18 yokha. Kuli Canon 10-22, kuli Sigma 10-20, kuli Tokina 11-16 f/2.8 yomwe ndi yolemera koma yolimba ndipo usiku imathandiza, ngati mumafuna kujambula nyenyezi pagombe ku Senga Bay f/2.8 ndi f/4.5 ya 10-18 ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pa nyumba zokha 10-18 ikukwanirani, poti muli pa tripod.

Chachiwiri, pamene mukusonkha ndalama mutha kuzemba ndi zomwe muli nazo. Tembenuzani kamera choimirira pa 18mm, jambulani zithunzi zitatu kapena zinayi mukuzungulira pang'onopang'ono, chilichonse chizilowerera m'chinzake pang'ono, kenako mu Lightroom Photo Merge, Panorama. Pa sitting room ndi panja zimagwira. M'bafa zimavuta chifukwa zinthu zili pafupi kwambiri, matailosi amaduka mizere, pamenepo nde musachite manyazi ingotengani foni ya mayiwo, ma 0.5 a iPhone ali pa 13mm, kuposa 10-18 yomwe imakhala 16mm pa kamera yanu. Chithunzi cha bafa pa Facebook palibe amene amachikuza.

Chinanso anthu amaganiza kuti malo okongola amafuna wide basi. Ine ndinapita ku Mulanje ndi wide yokha tsiku lina ndili patchuthi, phiri lonse lija la mamita 3,002 pa Sapitwa linatuluka ngati chulu kumapeto kwa chithunzi, theka lonse thambo, theka linalo msewu. Mnzanga anaima malo omwewo m'minda ya tiyi ndi 70-200, phiri linadzaza chithunzi chonse ngati likugwera anthu othyola tiyi. Ndipo mwini lojiyo mawa adzakuuzani kuti jambulani nkhwazi ili mumtengo uko, kapena asodzi ali pa bwato dzuwa likutuluka, mudzatani ndi 18mm?

Ngati mungaganize zotenga ya mnyamatayo, chotsani zivindikiro zonse ziwiri muunike ndi tochi ya foni mkati, muone ngati mulibe chuku, chimaoneka ngati ulusi wa kangaude pa galasi. Kwathuko nthawi ya dzinja malenzi osungidwa m'chikwama chotseka amagwidwa kwambiri. Muyesenso autofocus ndi IS pa kamera yanu, osati yake.

Nabanda_Pix:

Za panorama zo ndi zoona koma zimadya nthawi, nyumba ya zipinda zinayi mukhala usiku onse pa laputopu ndipo mayi wa lendiyo amafuna zithunzi tsiku lomwelo, ndimawadziwa anthu amenewa. Achimwene mufunseni mayiyo kuti pa mwezi akupatsani nyumba zingati, ngati ndi ziwiri zokha musagulitse kanthu. Ndipo mwini loji muuzeni apereke theka la ndalama musanapite, ndi mmene ine ndinagulira tripod yanga.

Jambulani25:

Zikomo kwambiri nonse, a Mdala, asisi, a Gaba, akulu a ku Joni, ngakhale iwe Kamba_Boy wondiseka. Ndamuimbira mnyamata uja, ndamufunsa chifukwa chomwe akuifunira kwambiri yoyerayo, akuti wayamba kujambula mpira ndipo Lamulungu kuli gemu pa Bingu Stadium. Nde tagwirizana kuti tibwerekane kaye weekend ino yokha, iye atenge 70-200 ku mpira, ine nditenge 10-18 ku Senga Bay, Lolemba aliyense abweze cha mwini wake. Zosinthana ndamuuza kuti pakadali pano ayi. Ntchito ya loji ikalipira bwino ndiona ngati ndingamugule 10-18 yo pang'onopang'ono, akuoneka kuti saigwiritsa.

Kafunso komaliza, ndili ndi polarizer (fyuluta yochepetsa kunyezimira) ya 67mm yomwe ndimaika pa 70-200, ilowa pa 10-18?

Gaba_Lens:

Ilowa, zonse ndi 67mm. Koma pa 10mm samalani nayo, thambo limada mbali imodzi kwina nkuwala, ndipo ngati ili ya mkombero wokhuthala makona amachita mdima. Yesani pa 12 kupita mtsogolo.

Mdala_wa_Ndirande:

Musanamupatse jambulani serial number ndi galasi lakutsogolo ndi lakumbuyo pa foni, iye akuona. Ndipo hood (chotchinga cha kutsogolo kwa lenzi) apite nayo ataimanga, ku stadium goli ikalowa anthu sayang'ana kuti pali lenzi ya mwini.