Ndalama za chaka chino: mapaipi a madzi kapena njira zotchinga moto m'phiri?

Wapampando: Abale ndi alongo, mwaswera bwanji nonse kumene muliko. Pa msonkhano wa mu Ogasiti tinagwirizana kuti ndalama zomwe tasonkha chaka chino zikasinthire mapaipi a madzi ochokera m'phiri, amene akudontha paliponse. Koma mwaona nokha zithunzi za Lachiwiri usiku. Moto unatsika m'phiri la Mulanje kumtunda kwa mudzi wathu, unanyambita mbali imodzi ya nkhalango ya mudzi, ndipo unatsala pang'ono kufika pa thanki. Amfumu anditumizira mawu kuti tiganizirenso. Pempho lawo ndi lakuti theka la ndalamazo lipite kolambula njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango ndi pa gwero la madzi, komanso kugulira zida anyamata ozimitsa moto. Aliyense ayankhule zakukhosi, koma mwaulemu.

Bambo a Tiyamike (kumudzi): Zikomo a Wapampando. Ine ndinali komweko, ndiye ndiyambe ndine. Tsikulo kunatentha moti nkhuku zinangokhala yasaa pansi pa nkhokwe. Cha m'ma 3 koloko mitambo inadetsa kumtunda, mabingu anagunda, mphenzi inang'anima kangapo. Tonse tinati chizimalupsa chafika, amayi mpaka anayanula chinangwa. Koma kunangogwa timadontho tosanyowetsa n'komwe fumbi. Dzuwa likulowa tinaona utsi, ndipo pofika 8 koloko phiri linali psuu. Tinakwera ndi nthambi za masamba, makasu ndi zikwanje. Ambiri anali ndi masilipasi, ena opanda kanthu kuphazi. Mwana wa achimwene anga wapsa mwendo, ali kunyumba akuchira. Chomwe chinatipulumutsa ndi kanjira kaja kopita kukatola nkhuni. Moto utafika pamenepo unafooka, ndiye tinaumenya. Kanjira ka miyendo chabe. Nanga ikanakhala njira yolambula bwino?

Achemwali a ku Ndirande: Pepani kwambiri za mwanayo, achimwene, Mulungu amukhudze. Koma ine ndikukana, ndipo ndikana poyera. Mayi anga ali ndi zaka zoposa 70. Mpopi wa pafupi ndi nyumba yawo umatulutsa madzi mbandakucha pokha, ukaphonya nthawiyo ndiye kumtsinje. Taiwala kale kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno? Mvula ili pakhomo, ndipo matenda a m'mimba amabwera nayo. Tinalonjeza madzi, tichite za madzi. Chinanso, phirilo ndi nkhalango ya boma kuyambira 1927. Pali a Forestry, palinso a Mulanje Mountain Conservation Trust. Ife a timaganyu ta m'tauni tisenze bwanji phiri lonse?

Wapampando: Sitikunena phiri lonse, achemwali. Tikunena nkhalango ya mudzi ndi malo ozungulira thanki.

Achemwali a ku Ndirande: Ndamva, koma ndalama ndi yomweyo. Mukaigawa pawiri, mapaipi afika theka la njira.

Aphunzitsi opuma: Ndiloleni ndinene chimene ena sangakonde kumva. Mphenzi ya Lachiwiri sindikuitsutsa, Bambo a Tiyamike anaona ndi maso awo. Koma tisabisale kumbuyo kwa mphenzi. Ndakhala m'tsinde mwa phirili zaka zonse za uphunzitsi wanga, ndipo moto wambiri umene ndauona unayatsidwa ndi manja a anthu. Ana osaka mbewa amatentha tchire kuti aone mauna. Alenje amayatsa kuti nyama zithawire kwa agalu. Wofula uchi amataya muuni wake pa udzu n'kumapita. Ocheka matabwa mobisa amasiya moto pomwe amaphikira, ndipo owotcha makala sitinena. Moto umenewu umayamba mu Ogasiti, mphenzi isanaganize n'komwe zobwera. Tikagula zida osayankhula ndi ana athu, tikhala tikutunga madzi ndi dengu.

Bambo a Tiyamike (kumudzi): Zoona aphunzitsi, sindikana. Ngakhale ine ndili mwana ndinatenthako tchire chifukwa cha mbewa. Lero ndikaganiza zimandiwawa.

Mphwanu wa ku Dedza: Makolo anga, ndine wamng'ono pagulu pano, koma poti munandithandiza fizi ya sukulu ya zankhalango, ndiloleni ndibweze pang'ono. Aphunzitsi akunena zoona kuti moto wa anthu ndiwo wochuluka. Vuto la moto wa mphenzi si kuchuluka kwake, koma nthawi ndi malo. Umabwera mu Okutobala ndi Novembala, pamene udzu wauma kwa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Mpweya wa pansi ukakhala wotentha ndi wouma kwambiri, mvula imauma isanafike panthaka, koma mphenzi imafika. Mtambo womwewo umatulutsanso mphepo yamphamvu yosinthasintha, imene imakupiza motowo. Ndiye mphenziyo imamenya kumtunda, pa mitengo ya m'zitunda, kumene palibe munthu woona msanga. Choopsa china n'chakuti moto ukhoza kulowa m'chitsa kapena m'zinyalala zowola za pansi n'kumanyeka mwakachetechete masiku angapo, mphepo ikadzauka n'kuyambiranso. Bambo a Tiyamike, chonde anyamata akayendere zitsa zonse pamene papsapo.

Pa phiri moto suyenda ngati pa dambo. Ukamakwera, malawi amawerama n'kumawamba udzu wa kutsogolo usanagwire, ndiye umathamanga kuposa munthu. Musadzayime kumtunda kwa moto, ndipo musadzathawire chokwera. Zipika zoyaka nazo zimagubuduzika n'kukayatsa kumunsi, kumbuyo kwa anthu ozimitsa.

Amalume a ku Cape Town: Mphwanga wayankhula bwino. Ine ndinaona ndi maso anga pa 18 Epulo 2021, moto utayaka pa Table Mountain. Kuno kuli ndege zothira madzi, magalimoto ozimitsa moto, anthu ophunzitsidwa ntchitoyo. Komabe moto unafika pa University of Cape Town n'kutentha laibulale ya Jagger, mmene munali mabuku ndi zolemba zakale za mu Africa, zina zosapezekanso kwina. Ophunzira anasamutsidwa atanyamula zikwama zokha. Chimene chinandiopsa ine ndi makala a moto ouluka ndi mphepo, kukagwa pa denga kutali ndi pamene malawi ali. Ndinaganiza za madenga a udzu a kwathu. Ife tilibe ndege. Chathu ndi khasu basi, ndipo khasulo ligwire ntchito moto usanabwere. Ine ndili kumbali ya amfumu.

Achemwali a ku Ndirande: Amalume, ndiye mwanena nokha kuti moto umalumpha. Njira yolambulayo ithandiza chiyani?

Mphwanu wa ku Dedza: Funso labwino, azakhali. Njira siimitsa moto uliwonse. Tsiku la mphepo yaikulu umalumpha ndithu. Ntchito yake ndi kuufooketsa ndi kupatsa anthu poima pabwino pomenyera. Koma pali china chimene gulu liyenera kudziwa tisanaponye voti: chaka chino tachedwa. Njira zimenezi zimalambulidwa mvula ikangotha, cha mu Meyi ndi Juni. Nthawi imeneyo udzu umakhala usanaumitsitse, ndiye umatenthedwa pang'onopang'ono m'mawa kapena madzulo, moto wozizira wosapha mitengo. Pofika Okutobala pamakhala palibenso choti moto waukulu udye. Kuyatsa tsopano ndi kuitana tsoka. Chomwe tingachite panopa ndi kupala ndi makasu kuzungulira thanki, mamita asanu kapena kuposa, n'kuchotsa udzu wopalawo. Komanso chilichonse chokhudza mkati mwa malire a nkhalango ya boma tiyambe tapempha chilolezo ku ofesi ya zankhalango ya boma lathu.

Mayi a Chisomo (kumudzi): Ine sindinapite patali ndi sukulu, koma ndayika dothi m'machubu a mbande za mkungudza mpaka zala kutupa. Mtengo umenewu sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, ndi phiri lathu lokha. Mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Agogo athu ankati ukamakwera ku Chambe kapena ku Lichenya umamva fungo lake usanauone. Pa kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Isanu ndi iwiri, abale anga, phiri lonse lija. Mbande zimene timasenza pamutu kukwera nazo zimakula mochedwa, ndipo moto ukangodutsa kamodzi zonse zapita. Chaka china tinakwera kukaona pamene tinadzala, tinapeza timitengo takuda ngati zotokosera m'mano. Tinakhala pansi azimayi tonse osayankhulana. Achemwali, inenso ndimatunga kumtsinje ngati mayi anu, ndikudziwa kuwawa kwa ndowa. Koma madzi a mu paipi amachokera kuti? Gwero lathu kale silinkaphwa ngakhale mu Novembala. Tsopano mwezi uno umamva thanki ikulira mphako.

Aphunzitsi opuma: Mayi a Chisomo agunda pamene pali nkhani. Likhubula, Thuchila, Ruo, Lichenya, Phalombe, yonseyi imabadwira m'phiri lomweli. Ngakhale madzi ena amene a ku Blantyre mukumwa akuchokera ku Likhubula. Nthaka yokhala ndi udzu ndi masamba imamwa mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Nthaka yopsa imangoitaya tsiku limodzi, pamodzi ndi phulusa ndi matope, zonsezo n'kukatseka sefa ya pa gwero.

Achemwali a ku Ndirande: Zimenezo ndikuzimva, ndipo sindikunena kuti phiri lipse. Koma mitengo ibweza madzi patapita zaka. Mayi anga akufuna madzi mawa.

Agogo a Dalitso (alembera mdzukulu wawo): Agogo akuti ndilembe chonchi. Mu Malichi 1991 napolo atatsika ku Michesi n'kukokolola anthu ku Phalombe, iwo anapita kukalira maliro a mlamu wawo, mtembo osaoneka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabweretsanso zomwezo ku Nkhulambe ndi madera ena. Akuti phiri likavulidwa silikhululuka. Akuti kale mwana akayatsa tchire, mlandu unkapita kwa mfumu ndipo makolo ankalipira nkhuku. Akufunsa ngati amfumu angabwezeretse lamulo limenelo.

Mphwanu wa ku Dedza: Agogo, napolo amayamba ndi mvula yochuluka kwambiri pa malo otsetsereka, ndipo akhoza kutsika ngakhale pamene pali mitengo. Sindingalonjeze kuti njira zathu zimuletsa. Koma n'zoona kuti pamalo opsa madzi amathamanga kwambiri ndipo dothi limakokoloka msanga, makamaka pa mvula yoyamba. Za lamulo la amfumu ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse.

Msungichuma: Ine yanga ndi ya ndalama. Choyamba, achemwali sakulakwa: tikachotsa theka, mapaipi sakafika kumunsi kwa mudzi, ndipo mitengo ya zinthu m'sitolo ikukwera mwezi ndi mwezi. Chachiwiri, ndikuopa kulipira anthu nthawi iliyonse imene azimitsa moto. Ndi njala ya miyezi ino, tisaike munthu pa mayesero oti moto ukhale ganyu. Ngati n'kulipira, tilipire ntchito yolambula, ndipo tithokoze anyamata kumapeto kwa chilimwe nkhalango ikakhala yosapsa. Chachitatu, zida zisungidwe ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, zolembedwa m'kaundula. Sindikufuna majombo athu akapezeke ku dimba.

Bambo a Tiyamike (kumudzi): A Msungichuma, Lachiwiri palibe anafunsa za malipiro. Tinakwera chifukwa kumunsi kunali ana athu. Chomwe tikupempha ndi majombo, zikwakwa, matochi ndi zomenyera moto za mphira. Ndi wenzulo yoitanira anthu. Makasu tili nawo.

Amalume a ku Cape Town: Ngati n'zimenezo, sizifuna theka. Ife a ku Joni ndi Cape Town tikhoza kusonkha padera za majombo ndi matochi mwezi uno usanathe. Ndiyankhula ndi anzanga Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi.

Achemwali a ku Ndirande: Ngati ndalama ya mapaipi ikhala yosakhudzidwa, ine ndiwonjezerapo pa za majombozo. Koma ndikufuna zilembedwe kuti kulambula kwa mu Meyi kudzakhala ndi chopereka chakechake. Tisadzabwerenso kudzatapa m'thumba la madzi.

Mayi a Chisomo (kumudzi): Vuto ndi lomwelo la Meyi. Mvula ikagwa, phiri likabiriwira, tonse tidzaiwala. Chaka chatha tinanenanso zomwezi pansi pa mtengo wa mango kwa amfumu, ndipo Juni anadutsa aliyense ali kokolola. Chopereka cha mu Meyicho chiyambe lero, utsi tikuuonabe.

Aphunzitsi opuma: Ine ndipita kusukulu Lolemba kukapempha ahedi kuti ndiyankhule ndi ana pa asembule. Za mbewa ndiyambira pamenepo.

Wapampando: Zikomo nonse. Pali maganizo awiri. Oyamba: theka la ndalama lipite ku za moto, monga anapemphera amfumu. Achiwiri: mapaipi apitirire monga tinagwirizana, zida zigulidwe ndi chopereka chapadera, ndipo thumba la kulambula litsegulidwe tsopano. A Mlembi aika voti mawa 6 koloko m'mawa, itsekedwa Loweruka madzulo. Mphwathu wa ku Dedza, tilembere kalata yopita ku ofesi ya zankhalango, amfumu akasayine. Amene simunayankhule, makamaka a ku Lilongwe ndi a ku UK, tikudikira mawu anu.

Bambo a Tiyamike (kumudzi): Mphwanga, anyamata abwerako kumene unanena. Apeza zitsa ziwiri zikufukabe kumtunda kwa thanki, china chili m'mphepete mwa udzu wosapsa. Tikukwera ndi ndowa panopa kusanade. Mitambo yayambanso kudetsa cha ku Chambe.