Thandizo: zamkati mwa chiwala zikungosakanikirana

Mwaswera bwanji aphunzitsi anzanga a Biology muno mugulu. Ndili ku CDSS ina kuno ku Mangochi cha ku Monkey Bay, ndikufuna ana anga a Fomu 3 aone ndi maso mmene chiwala chimapumira, osati zongojambula pa bolodi.

Za kunja sindikuvutika, ma spiracle akuoneka bwino ndi hand lens (kagalasi kokulitsa zinthu), ndi timabowo topumira 10 mbali iliyonse, 2 pachifuwa 8 pamimba, ndipo ana anasangalala kuona mimba ikufufuma nkuphwa chiwala chili chamoyo. Vuto likubwera ndikachitumbula. Mkatimo mumangodzaza tiulusi ngati ndevu za chimanga, nde sindikutha kusiyanitsa ma trachea, omwe amafikitsa mpweya mthupi monse poti magazi ake sanyamula oxygen, ndi ma Malpighian tubules ochotsa zoipa aja omwe amayambira pomwe matumbo apakati akumana ndi akumbuyo.

Ndayesa lezala yatsopano, ikudula ndi matumbo omwe. Ndayesa kuchiviika mu spiriti usiku wonse, chinauma gwa nkumangothetheka, pomwe chosaviika ndi kutentha kwa kunoku pofika masana chayamba kale kununkha. Mphemvu ndinayesanso koma mafuta oyera a mthupi mwake amaphimba chilichonse, komanso ana asukuluwa safuna nkuyigwira komwe. Maikulosikopu tilibe, tili ndi ma hand lens, mapini ndi tisizasi basi.

Nde amene munapangapo, mumayambira kudula kumsana komwe kuli mtima kapena mmbali? Kutumbulira mmadzi kumathandizadi kuti ma trachea aziwala? Nanga mumachipha bwanji kuti zamkati zisaphwanyike?