Ndalama za achimwene a ku Joni: mafuta a ambulansiya kapena odwala a kunyumba?

Msungichuma: Moni nonse a kwathu ku Angónia. Achimwene athu a ku Johannesburg aika mametikali 240 mil ku akaunti ya gulu. Anena okha kuti ndi za odwala, osati za mpira kapena za maliro. Komiti yagawikana: ena akuti tigule mafuta a ambulansiya yotengera odwala ku Tete, ena akuti tigule zothandizira amene achipatala anawabweza kuti akagonere kunyumba. Tiyankhe Loweruka lisanafike.

Dalaivala wa ku Moatize: Mafuta basi. Kuchoka pa Ulónguè kufika Tete ndi makilomita pafupifupi 230, kupita ndi kubwera 460. Land Cruiser yodzaza imamwa malita ngati 13 pa makilomita 100, ndiye ulendo umodzi ndi malita 60. Banja likauzidwa usiku kuti lipeze malita 60, limagulitsa mbatata yonse ya m'dimba pa mtengo wa mbava.

Namwino wopuma: Achimwene, malita mwawerenga bwino, koma simunanene kuti m'galimotomo mukunyamula ndani. Mayi amene mwana wapingasa, munthu wa ngozi ya njinga yamoto, mwana wosowa magazi, amenewo athamangitseni, ndipo ambiri a iwo amathandizidwa pa Ulónguè pomwe osafika ku Tete. Koma munthu wa khansa ya khomo la chiberekero imene yafalikira kale, kapena wa khansa ya kummero amene sakumezanso ngakhale phala, ku Tete akukapeza chiyani? Makina owotcha khansa ali ku Hospital Central de Maputo, anayamba kugwira ntchito mu 2019. Kwa wodwala wotere ulendo wa Tete umatha chonchi: sabata ziwiri pa bedi, womudikira akugona panja, kenako banja likufuna galimoto yobweretsa mtembo, yomwe imadula kuposa imene inamutenga wamoyo. Musanalandire giya, kalata yotumizira wodwala ku chipatala china, funsani dokotala zinthu zitatu. Matendawa angachire? Kumeneko akachita chiyani chimene pano sichingachitike? Msewu aupirira?

Mwana wa ku Beira: Amayi, ndi ulemu wonse, mukuphunzitsa anthu kuvomera kufera pamphasa. Mu 2001 ku Abuja maboma a mu Africa analonjeza kuika 15% ya bajeti ku zaumoyo, ndipo ife zaka zino sitikufikapo. Malasha akutuluka pa Moatize tsiku ndi tsiku, magetsi a Cahora Bassa akuyatsa South Africa, ife tizisonkherana za mafralda, matewera a odwala? Mawu akuti "kagonereni kunyumba" nthawi zambiri amatanthauza kuti mankhwala kulibe.

Namwino wopuma: Mwanawe, za Abuja ukunena zoona, ndipo kalata yopita kwa akuluakulu a zaumoyo a boma ukailemba ndisayina woyamba. Koma amene akubuula usiku uno sadikira bajeti. Komanso chisamaliro cha amene sadzachira si nzeru yanga. Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko yake mu 2012, kungoti kumudzi sinafike. Anali kuyendera odwala m'makomo ndi ma activista, anthu a m'mudzi othandiza pa zaumoyo, ndipo ambiri anaima pamene America inaimitsa thandizo lake mu Janeiro 2025.

Aphunzitsi: Tisanapite kutali. Malata 40 a nyumba yodikirira amayi oyembekezera ali kuti? Tinasonkha, tinaona chithunzi cha malata ali pa ngolo, nyumba mpaka lero ili ndi udzu. Resibu kaye.

Msungichuma: Aphunzitsi, nthawi imeneyo buku silinali m'manja mwanga.

Aphunzitsi: Koma munali m'komiti.

Mlamu wa ku Tsangano: Ndi simenti ya chitsime musaiwale.

Namwino wopuma: Za malata mukambe, koma mverani zimene ndalamazi zingagule, chifukwa ena mukuganiza kuti ndi sopo ndi mapemphero chabe. Wodwala wosadzuka amafuna matiresi okutidwa ndi pulasitiki, nsalu zinayi zosinthira, maluva ovala m'manja, beseni, sopo, vaselina ndi mafralda a akulu awiri kapena atatu pa tsiku. Mafralda ndiwo amadya ndalama. Pamene palibe kutsegula m'mimba, nsalu zakale zochapa ndi kuyanika padzuwa zimakwanira. Azitembenuzidwa maola awiri aliwonse, usiku womwe. Mukapanda kutero zilonda zimayamba pa fupa la kumapeto kwa msana, m'chiuno ndi ku zidendene. Khungu likafiira ndipo silikuyera mukalidina ndi chala, chilonda chayamba kale mkati. Musatikite pamenepo, ingochotsanipo kulemera, ikani pilo pakati pa mawondo. Chilonda chotseguka tsukani ndi madzi owiritsa, theka la lita ndi kasupuni kamodzi ka mchere. Chikamanunkha, mapiritsi a metronidazol operapera n'kuwaza pamwamba amachotsa fungo m'masiku ochepa, ndipo fungolo ndi limene limathawitsa abale m'nyumba. M'kamwa muzipukuta ndi kansalu konyowa. Mukaona zoyera pa lilime, pemphani nistatina ku chipatala. Ndipo musamukakamize nsima. Thupi likamatseka silifunanso chakudya, phala lokakamiza limalowa m'mapapo.

Mkulu wa mpingo: Zonsezo n'zabwino mayi. Chimene anthu akuopa ndi china. Kumudzi kukumveka kuti gulu likufuna kubweretsa mankhwala aja amene akamupatsa munthu, mawa lake maliro. Moyo amachotsa ndi Mulungu. Mpingo sungalowe m'zimenezo.

Namwino wopuma: Abambo, zikomo kuti mwazitulutsa poyera. Kupha wodwala, ngakhale atapempha yekha, ndi mlandu m'Mozambique, ndipo palibe wanena zimenezo pano. Mukunena morfina. Mbiri yake inaipa chifukwa amaperekedwa mochedwa, munthu atatsala ndi tsiku limodzi, ndiye anthu amati wamupha ndi mankhwala. Ululu umathandizidwa mokwera masitepe: paracetamol kapena ibuprofeno poyamba, kenako codeína kapena tramadol, zikakanika morfina. Wakumwa amayambira pang'ono, 2,5 mpaka 5 mg, maola anayi aliwonse moyang'ana wotchi, osadikira kuti munthu ayambe kulira. Masiku oyamba amawodzera, ena amachita nseru, zimatha. Chosatha ndi kudzimbidwa, n'chifukwa chake wolemba morfina amalembanso mankhwala ofewetsa m'mimba tsiku lomwelo. Zolakwika zimene zimachitika m'makomo ndi izi: kudumphitsa nthawi kuti botolo lichedwe kutha, kuyeza ndi supuni ya tiyi m'malo mwa seringa, kugawirako mnansi wa dzino, ndi kusiya botolo pofikira ana. Wodwala impso mlingo wake ndi wina, amaona dokotala. Ndipo gulu silingagule morfina. Amatuluka ndi receita yapadera, amalembedwa m'buku, amakhala m'kabati yokiya. Chimene ife tingalipire ndi minibasi (chapa) ya wachibale wokatenga, ndi mafuta a njinga yamoto kuti namwino akaone wodwala kamodzi pa sabata.

Mkulu wa mpingo: Ndamva. Koma mukabwere mudzanene zimenezi nokha pamaso pa anthu.

Dalaivala wa ku Moatize: Nanga kamakina ka oxigénio? Ku Tete timagulitsidwa.

Namwino wopuma: Kamafuna magetsi osadukiza, mawati 300 kapena kuposa, usana ndi usiku. Nyumba zingati kumudzi zili ndi magetsi a Credelec? Kasola ka foni sikangakadzutse. Ndipo ambiri opuma movutikira kumapeto amapepukidwa ndi kuwakhazika tsonga, kutsegula zenera ndi kuwakupiza kumaso.

Mlamu wa ku Tsangano: Ine funso langa ndi la mndandanda. Alemba ndani maina a olandira? Ukapita kwa secretário wa bairro, tidziwa kale kuti matiresi akagwera nyumba za amene anavota bwino mu Outubro 2024. Tsiku lopereka adzabwera ndi mbendera ndi wojambula.

Mwana wa ku Beira: Ndi zimene ndikunena. Ife tisonkhe, iwo adzadule riboni.

Mlembi: Chonde za zipani ayi, tinagwirizana. Gulu lija loyamba linafa ndi zomwezi.

Mlamu wa ku Tsangano: Linafa ndi simenti, alembi, osati zipani.

Namwino wopuma: Mndandanda usachoke kwa secretário, usachokenso kwa nyakwawa kapena kwa ife. Uchoke kwa namwino wa pa chipatala chathu pamodzi ndi APE, wazaumoyo wa m'mudzimo, poti ndiwo ali ndi makadi a odwala. Pa gulu pano pasalembedwe dzina kapena matenda a munthu, nambala yokha. Matiresi akhale obwereketsa, abwezedwe, atsukidwe ndi javel. Koma vuto lalikulu si secretário. Ndi la m'banja. Kwa Achewa mawu omaliza ndi a malume, mwini mbumba. Kwa Angoni ndi a kuchimuna. Mwana amene ali ku Joni ndiye amatumiza ndalama, ndiye amalamula pa foni kuti pitani naye ku Tete, poopa kuti anthu adzati anataya mayi ake. Wodwala mwini wake, amene akudziwa bwino kuti akufuna kugona m'nyumba mwake, palibe amamufunsa. Afunsidwe akadali ndi mawu, pakhale anthu awiri a mbali zonse akumva.

Achimwene a ku Johannesburg: Mayi, apo mwandilasa ine. Koma ndalama ndatumiza kuti anthu achire.

Dalaivala wa ku Moatize: Mwamva eni ndalama. Mafuta.

Namwino wopuma: Akatero eni ake, gawani. Koma mafutawo asaperekedwe m'manja. Alipiridwe pa bomba, pamalo ogulitsira mafuta, ulendo uliwonse ulembedwe makilomita ponyamuka ndi pofika, ndi nambala ya giya. Mukapanda kutero ambulansiya idzanyamula matumba a feteleza ndi mafuta athu.

Dalaivala wa ku Moatize: Mukutanthauza kuti madalaivala ndife akuba?

Msungichuma: Ndiye ndilembe 120 mil uku, 120 mil uko?

Mwana wa ku Beira: Musalembe kanthu. Kalata ipite kaye.

Aphunzitsi: Palibe metikali ituluke tisanaone resibu ya malata. Amene anali ndi buku nthawi ija ali pa gulu pompano, ndikuona kuti akuwerenga.

Mlembi: Wina watuluka pa gulu. Ndani ali ndi nambala yothera 47?