Column yachitatu ikugwera pansi pa foni, pa laputopu ili bwinobwino

Wa ku Chibavi:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikupangira azakhali webusaiti ya shopu yawo ya uchi ndi khofi. Ndaika ma column atatu: zithunzi, mitengo, ndi kolembapo nambala yoimbira. Mu CSS (malamulo a kaonekedwe ka tsamba), iliyonse ndaipatsa display: inline-block ndi width: 33%. Pa laputopu zonse zayalana bwino mu Chrome ndi Firefox yemwe, koma pa foni ya azakhali yachitatu ikutsika pansi pa inzake. Iwo akuti ndawononga ndalama zawo za bandulo. Kodi vuto ndi browser ya pa foniyo?

Mlongo wa ku Katoto:
Achimwene, browser isiyeni, ilibe mlandu. Ma inline-block amatengedwa ngati mawu a mu chiganizo, ndiye mukasiya mpata kapena kudumpha mzere pakati pa div (bokosi la column) imodzi ndi inzake mu HTML, pamakhala kampata ka mapikiseli pafupifupi 4. Muli nato tiwiri, ndiye 8. Tsono werengani: 33% katatu ndi 99%, yotsala ndi 1%. Pa sikirini ya laputopu ya 1366, 1% imeneyo ndi mapikiseli 13 ndi kanthu, timipatato tikwana. Pa foni ya 360, ndi 3.6 basi. Malo akasowa, yomalizayo imatsika. Ngati munaikanso padding (mpata wa mkati mwa bokosi) popanda box-sizing: border-box, ndiye zikuipiraipira, chifukwa padding imawonjezeredwa pamwamba pa 33% ija.

Wa ku Luwinga:
Zoona zimene anena mlongowa. Ine inline-block ndinaisiya kalekale pa nkhani ya ma column. Pa div yaikulu yomwe muli ma column atatuwo lembani display: grid, kenako grid-template-columns: repeat(3, 1fr) ndi gap: 16px. Zithunzi muzipatse max-width: 100%, apo ayi chithunzi cha botolo la uchi chija chikankha column yake mpaka kutulukira kumanja.

Komanso tiyeni tinene chilungamo: ma column atatu pa foni ya 360 ndi othinana ngati minibasi ya ku Ekwendeni madzulo. Mitengo yake ndani awerenga? Ikani media query (lamulo la CSS lotengera kukula kwa sikirini) kuti pansi pa 600px zikhale column imodzi yotsika.

Wa ku Chibavi:
Ndaika grid ndi media query, pa foni zatsetsereka bwino. Koma ndiziyesa bwanji osamakabwereka foni ya azakhali nthawi zonse?

Mlongo wa ku Katoto:
Mu Chrome dinani F12, kenako Ctrl+Shift+M, musankhe kukula kwa sikirini komwe mukufuna. Sizidya bandulo ngati fayilo ili pa kompyuta panu. Koma musalekere pomwepo. Makasitomala ena amatsegula ndi Opera Mini pofuna kusunga data, ndipo ikakhala pa extreme (njira yake yosunga data kwambiri), tsamba limayamba ladutsa pa maseva awo lisanafike pa foni, choncho CSS ina siituluka mmene munailembera. Imeneyo yesani pa foni yeniyeni, muone ngati nambala yoimbira ija ikuoneka.