Ndisankhe malo aakulu bwanji oimikapo kalavani?

Abale ndi alongo, ndigawireni nzeru. Ndangogula kalavani yokoka ndi galimoto, ndipo mwezi wamawa ndikufuna kukagona ku kampu ndi banja langa. Chandimanga mutu ndi kukula kwa malo oti ndisungitse.

Papepala analemba kuti kalavaniyi ndi yotalika mamita 6, koma nditayeza ndi tepi kuchokera pachitsulo chokolekera kugalimoto mpaka patayala lapadera lakumbuyo, ndapeza mamita 7.5. Galimoto nayo ndi ya mamita 5. Ndiye eni kampu akamati malo ndi a mamita 9, amawerengera kalavani yokha kapena ndi galimoto yomwe? Nanga ndikaimasula, galimotoyo ndikaisiya pati?

China chondisowetsa tulo ndi kubwerera chambuyo. Dzulo ndimayeserera pabwalo: ndikapotoza chiwongolero kumanja, kalavani imathawira kumanzere, mpaka ndinatsala pang'ono kugumula mpanda, thukuta lili kamukamu. Kodi ndingolipira malo aja olowera mbali ino n'kutulukira mbali inayo, ngakhale atakhala odulirapo?

Komanso m'mbali ndisiye mpata wotani kuti lona wapakhonde atambasuke osagunda mtengo? Inu amene munayendapo ndi kalavani, mumawonjezera mamita angati apadera?