Zoti porphyrin amaswa dayi m'madzi ukaika padzuwa, ndi zoona?

Nachisale_wa_ku_Mbare:
Abale ndithandizeni. Mayi anga amanyika nsalu kuseri kwa nyumba kuno ku Mbare mu Harare, akamaliza madzi a m'beseni amakhala abuluu bii ndiye amangokhuthula mu ngalande, mvula ikagwa zonsezo ulendo wa ku mtsinje wa Mukuvisi kenako nyanja ya Chivero komwe timamwa tonse. Dzulo m'kalasi ya kemisitiri anatchula za porphyrin, akuti timamolekyu take timadzisanja tokha n'kukhala tindodo tosaoneka ndi maso, ukatiika padzuwa dayi amatha. Ine ndinangogwedeza mutu koma sindinatolepo kanthu kkkk. Timadzisanja bwanji tokha? Nanga ndingawapangire mayi?

Malume_a_mu_Labu:
Iwe Nachisale porphyrin uli naye kale m'thupi, ndi amene amafiiritsa magazi, heme ija ndi porphyrin wokhala ndi ayironi pakati. Chlorophyll wa m'masamba a chimanga ndi m'bale wake, pakati pake pali magnesium. Molekyu yake ndi yaphwatalala ngati mbale, ndiye ganiza mbale zikusanjikizana pathandala, zimakwanirana bwino chifukwa ndi zofanana. Ambiri mwa ma porphyrin sagwirizana ndi madzi, ukawasungunula kaye kwina n'kuwathira m'madzi muli kasopo kotchedwa CTAB amathawa madziwo n'kukumbatirana okhaokha, ndipo ukasintha pH (mlingo wa asidi m'madzimo) kapena kuchuluka kwa sopoyo umapeza tindodo, timipira kapena timapepala. Palibe amawagwira ndi dzanja ayi.

Chimene anthu akuvutikira nazo ndi ichi, titanium dioxide, ufa woyera womwe nawonso amaswera dayi ndi kuwala, amene anatchuka kuyambira 1972 pomwe Fujishima ndi Honda anagawa naye madzi kukhala haidrojeni ndi okosijeni, amadzuka ndi kuwala kwa UV (kosaoneka ndi maso) basi, pamene UV ndi pafupifupi 5 peresenti yokha ya dzuwa lofika pansi pano. Porphyrin amamwa kuwala komwe timaona ndi maso, makamaka cha pa 400 mpaka 420 nm (nm ndi muyeso wosiyanitsira mitundu ya kuwala). Kuwala kukamumenya elekitironi imadumpha, mphamvuyo imapita kwa okosijeni wa m'madzi, okosijeniyo amalusa (superoxide kapena singlet oxygen) n'kuyamba kuduladula molekyu ya dayi. Akasanjana mwadongosolo elekitironi imapeza njira yoyenda m'malo mongobwerera pomwe yachoka, n'chifukwa chake tindodo nthawi zambiri timagwira bwino kuposa timibulu tongounjikana.

Mlamu_wa_ku_Mufakose:
A Malume mwafotokoza bwino koma musamupatse chiyembekezo chambiri mwanayu. Ine pulojekiti yanga yomaliza inali yomweyi, ndi dayi wabuluu wotchedwa methylene blue. Tsiku loyamba ndinavina mu labu kuona buluu watha, kubwera supavaiza kundifunsa kuti unayamba wasiya mumdima? Zii. Kani dayi wambiri anangomatirira pa ufa wa porphyrin uja, sanasweke, ukausefa ufa wake wabuluu ngati nsalu za amayi akowo. Umayenera kutakasa mumdima kaye mwina theka la ola kenako n'kuyatsa nyale n'kumayeza buluu wotsala pa 664 nm, ndiye poti magetsi athuwa mukuwadziwa, kawiri konse anathima ndili pakati ndinayambiranso.

Chinanso, mtundu kutha sikuti madzi ayera. Madayi ambiri a nsalu ndi a azo, ukadula pomwe ma nitrogen awiri agwirana mtundu umachoka koma patha kutsala makemikolo otchedwa ma aromatic amine, ena mwa iwo amayambitsa khansa, madzi ali mbee koma poizoni ali momwemo. Pamafunika kuyeza TOC (kuchuluka kwa kaboni wa dayi ndi zotsalira zake m'madzimo) kuti uone ngati kaboni wapitadi. Komanso ife timayesa m'kabika ka 50 mL dayi wake wochepetsetsa, beseni la amayi ndi lakuda kuwala sikungalowe n'komwe, muli mchere ndi soda, porphyrin nayenso amafwifwa akakhalitsa padzuwa ndipo amagulitsidwa pa magalamu mtengo wake ungalire.

Nachisale_wa_ku_Mbare:
Eeh alamu mwandidula miyendo kkk. Ndiye ndiwauze chani mayi?

Malume_a_mu_Labu:
Alamu akunena zoona, izi zikadali za mu labu. Amayi uwauze asiye kaye ngalande ya mvula ija chifukwa imapita kumtsinje osadutsa poyeretsera, bola ya suweji. Ukafuna kuyesa wekha sinja makala bwinobwino, thira m'botolo la madzi a dayiwo, khutchumula usiye usiku wonse, lina usiye lopanda makala kuti ufananize m'mawa. Makala samaswa dayi, amangomugwira, ndiye osakawasonkhezera pa mbaula pophika nsima.